Pulogalamu ya pafoni yoletsa kutumiza mauthenga utaledzera: kodi ingakhale bizinesi kuno ku Tete?

Wowerenga wina watilembera motere: "Ndine mnyamata wa zaka 24. Kwathu ndi ku Ulongwe m'boma la Angónia, koma panopa ndikukhala ku Matundo mumzinda wa Tete, kumene ndangomaliza maphunziro a zamakompyuta. Mwezi watha mnzanga atamwa mowa Loweruka usiku adatumiza uthenga wa mawu wachipongwe kwa abwana ake, ndipo Lolemba adapeza ntchito itatha. Inenso kangapo ndalemberapo chibwenzi changa chakale zinthu zimene ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ndiye ndaganiza zopanga pulogalamu ya pafoni yoti munthu akaledzera izimuletsa kutumiza mauthenga. Ndili ndi mametikali 40,000 amene ndidasunga. Anzanga ena akundiseka, ena akuti ndifulumire ena asanandibere nzeruyi. Kodi imeneyi ingakhale bizinesi yeniyeni?"

Achimwene, choyamba mtima ukhale m'malo, chifukwa ganizo lanu si la chibwana ayi. Mwayambira pamene bizinesi yabwino imayambira, pa vuto limene mwaliona ndi maso anu ndiponso lakupwetekani inu mwini. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza achinyamata kupanga ndi kuyesa mapulogalamu a pafoni, ambiri amabwera ndi chinthu chimene apanga kale n'kumafufuza munthu woti chimuthandize, pamene inu mwabwera ndi munthu amene ntchito yamuthera. Komanso musachite mantha kuti wina akuberani nzeruyi, popeza idaganizidwa kalekale, ndipo mbiri ya amene adaiyesa ndiyo ikuphunzitseni zambiri kuposa malangizo anga.

Mu 2004 kampani ya mafoni ya Virgin Mobile ku Australia idayambitsa njira yoti munthu asanapite kokamwa aziimba 333 motsatizana ndi nambala imene akuopa kuiimbira, ndipo nambalayo inkatsekedwa mpaka 6 koloko m'mawa. Mu 2008 a Google adaika mu Gmail kachipangizo kotchedwa Mail Goggles, kamene usiku wa kumapeto kwa sabata kankayamba kakufunsa masamu angapo osavuta kalata yako isanapite, ndipo ukalephera kuwayankha m'nthawi yake kalatayo sinkatumizidwa. Kachipangizoka kadachotsedwa mu 2012. Kenako kudabwera mapulogalamu ambiri a pafoni, ndipo wodziwika kwambiri ndi Drunk Mode, umene adayambitsa Joshua Anton ali wophunzira pa yunivesite ya Virginia ku America. Umenewu ndibwereranso kwa iwo. Apa ingoonani kuti kwa zaka makumi awiri anthu akhala akuvomereza kuti vutoli lilipo, makampani akuluakulu aliyesapo, komabe ndi anthu ochepa kwambiri amene ali ndi pulogalamu yotereyi m'foni mwawo. Funso loyenera kulisinkhasinkha musanawononge ngakhale metikali imodzi ndi lakuti n'chifukwa chiyani zili choncho.

Yankho lake ndidalionera pa baraka ina ku Moatize, osati pa kompyuta. Bambo wina amene ankagwira ntchito yokonza magalimoto ankati akafika Lachisanu madzulo, asanaitanitse botolo loyamba, ankatulutsa foni n'kuipereka kwa mayi wogulitsa, n'kunena kuti, "Mayi, iyi muisunge, ngakhale ndilire musandipatse mpaka mawa." Mayiwo ankaiika m'chitini cha ndalama pansi pa tebulo. Ikamakwana 10 koloko usiku bambo yemwe uja ankaimirira pa kauntala, poyamba kuchonderera, kenako kukalipa kuti foni ndi yake ndipo palibe amene angamuletse. Tsiku limene ndidalipo mayiwo adakanitsitsa. Bamboyo adabwerera pa benchi, n'kubwereka foni ya mnzake, n'kuimba nambala ya mkazi amene adasiyana naye, chifukwa nambalayo idali pamtima. Mu nkhani imeneyi muli bizinesi yanu yonse. Kasitomala wanu ndi anthu awiri okhala m'thupi limodzi. Wa madzulo, amene sanamwe, amakufunani ndipo akhoza kukuthokozani. Wa usiku ndi mdani wanu, ndipo iyeyu ndiye agwira foni m'manja.

Zimenezi zili ndi chifukwa chake m'thupi. Mowa umayamba kufooketsa mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imagwira ntchito yodziletsa ndi yoyeza zotsatira za chinthu, pamene zala zikadali ndi mphamvu zolemba ndipo lilime likadali lotha kuyankhula. Akatswiri awiri a maganizo, Claude Steele ndi Robert Josephs, adalongosola mu 1990 kuti woledzera amakhala ngati munthu woona pafupi pokha: mkwiyo kapena chikondi chimene chili pamtima panthawiyo chimaoneka chachikulu, pamene za Lolemba m'mawa sizioneka n'komwe. Chifukwa chake uthenga wofunsa kuti "Kodi mukutsimikiza?" suthandiza, popeza woledzera amakhala wotsimikiza kuposa nthawi ina iliyonse. Dziwaninso kuti chiwindi chimachotsa mowa m'magazi pang'onopang'ono, pafupifupi muyezo wa botolo laling'ono limodzi pa ola, ndipo khofi kapena kusamba madzi ozizira sikufulumizitsa ntchitoyi. Choncho loko wa ola limodzi ndi wopanda pake kwa munthu amene wamwa mabotolo asanu ndi limodzi a 2M kapena Manica, osanena za kachasu amene mphamvu yake sadziwa ndi wotcheza yemwe.

Tsopano tibwere ku mbali imene achinyamata ambiri a zamakompyuta amaikonda, yoti foni izidziwa yokha kuti mwini wake waledzera. Ndikukulangizani kuti muisiye. N'zoona kuti ofufuza adayesapo. Mu 2020 gulu lotsogozedwa ndi Dr. Brian Suffoletto ku yunivesite ya Pittsburgh lidasonyeza kuti tizipangizo ta m'foni toyeza kugwedezeka tikhoza kuzindikira mayendedwe a munthu woledzera molondola pafupifupi ka 90 pa 100. Koma adayesa anthu 22 okha, foni itamangidwa kumsana, akuyenda mzere wowongoka m'chipinda. Kasitomala wanu foni yake ili m'thumba la buluku, wakwera njinga yamoto ya kabaza pa msewu wa mabampu wopita ku Domue, kapena wangokhala pa benchi osayenda n'komwe. Pulogalamu ikalakwitsa n'kutsekera foni munthu amene sanamwe, yemwe akufuna kuyankha kasitomala wa mbatata ya kachewere, aichotsa tsiku lomwelo ndipo auza anzake kuti ndi yachabechabe. Njira ya masamu nayonso ili ndi vuto lake: amene amawerengera ndalama tsiku lonse pa msika wa Kwachena amayankha 17 kuphatikiza 26 ngakhale ataledzera, pamene amene sukulu adalekera panjira akhoza kulephera asanamwe dontho.

Chimene chimagwira ntchito ndi chimene adachita bambo wa ku Moatize uja, ndiko kudzimanga wekha usanamwe. Munthu asankhe yekha madzulo kuti WhatsApp, Facebook ndi Messenger zitsekedwe kuyambira 9 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Akafuna kutsegula usiku, musamufunse masamu, koma mumudikiritse mphindi 20 kapena 30, chifukwa mkwiyo wa mowa kawirikawiri suchedwa kusamukira kwina, ndipo nthawi zambiri tulo timafika msanga. Ndipo mumupatse pokhuthulira. Ichi ndimachikhulupirira kwambiri: pulogalamuyo ikhale ndi malo pamene munthu angalembe kapena kujambula mawu onse amene akufuna kuuza abwana kapena apongozi, n'kudina batani ngati watumiza, koma uthengawo n'kungosungidwa m'foni momwemo mpaka m'mawa. Kukacha, matsire ali m'mutu, adzaumvetsera yekha n'kusankha. Amene wamva mawu ake a usiku kamodzi kokha safunanso kuuzidwa ubwino wa pulogalamu yanu. Musaiwale kuti kuno kwathu ambiri salemba, amajambula mawu, ndipo mnzanu uja ntchito idamuthera chifukwa cha mawu ojambula, choncho pulogalamu yoyang'ana zolembedwa zokha idzaphonya theka la vuto.

Pali lamulo limodzi limene simuyenera kuliphwanya ngakhale kasitomala atapempha: musatseke kuimba foni. Munthu woledzera usiku ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu cha ngozi, kuberedwa kapena kudwala mwadzidzidzi, ndipo ayenera kutha kuimbira mbale wake, wa chopela (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu) kapena apolisi nthawi iliyonse. Ndikudziwa kuti zimenezi zikusiya khomo lotseguka loti aimbire chibwenzi chakale. Lisiyeni lotseguka. Manyazi a m'mawa amapola, koma munthu wogona m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè foni yake itakana kuimba ndi mlandu umene simungausenze. M'malo mwake ikani pa chitseko chimene pulogalamu yanu imaonetsa ikatseka mapulogalamu ena mabatani akuluakulu awiri kapena atatu a anthu amene mwini foni adawasankha kuti ndi omutengera kunyumba.

Za umisiri wake ndinene mosabisa kuti ndi zovuta kuposa mmene zikuonekera. Mauthenga a WhatsApp adayamba kubisidwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira mu 2016, ndipo palibe khomo limene pulogalamu yanu ingalowere kuti igwire uthenga uli m'njira. Pa mauthenga wamba a SMS, kuyambira 2019 a Google Play salola pulogalamu kupempha chilolezo chowerenga kapena kutumiza SMS pokhapokha ikhale pulogalamu yeniyeni ya mauthenga ya foniyo, kupatula zochepa zimene adazipatula. Chimene chikutsalirani pa Android ndi kuona pulogalamu imene yatsegulidwa n'kuiphimba ndi chitseko chanu, pogwiritsa ntchito chilolezo choona kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu ndi chojambula pamwamba pa ena, kapena chilolezo cha Accessibility chimene chidapangidwira anthu olumala. Cha Accessibility chimenechi a Google amachiyang'anitsitsa kwambiri ndipo muyenera kulongosola chifukwa chimene mukuchifunira. Kuyambira pa Android 13, pulogalamu imene munthu waiika kuchokera kunja kwa sitolo ya mapulogalamu imaletsedwa chilolezo chimenechi mpaka mwini foni atalowa mkati n'kuchitsegula yekha. Zimenezi zikukukhudzani mwachindunji, chifukwa kuno anthu amapatsana mapulogalamu pa Xender kapena kukaikitsa kwa anyamata okonza mafoni pa msika pofuna kupulumutsa mamega.

Onjezerani apo mtundu wa mafoni amene ali m'manja mwa anthu. Ambiri ndi a Itel, Tecno ndi Samsung otsika mtengo, a malo ochepa, ndipo ena mwa iwo amazimitsa okha mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo pofuna kusunga batire. Ndidaonapo gulu la ophunzira litapanga pulogalamu yabwino yokumbutsa anthu tsiku lobweza ngongole ya banki ya m'mudzi. Pa foni yawo inkayenda bwino, koma pa mafoni a amayi a m'gululo chikumbutso sichinkalira chifukwa foni inali itaigoneka pulogalamuyo. Loko amene foni yamuzimitsa 11 koloko usiku ndi woipa kuposa kusakhala ndi loko, popeza munthu amamwa ali ndi chikhulupiriro choti watetezedwa. Choncho muziyesa pa foni yotsika mtengo kwambiri imene mungaipeze, ya makhadi awiri, yodzaza ndi zithunzi, osati pa yanu yabwino. Za iPhone musavutike nazo panopa: kulembetsa kwa Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, pamene kwa Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha, pafupifupi mametikali 1,600. Kumbukiraninso kuti akaunti yatsopano ya munthu payekha pa Google Play imafunika kuyesetsa pulogalamu kwa anthu osachepera 12 kwa masiku 14 isanaloledwe kupita kwa anthu onse.

Opikisana nawo anu enieni ali kale m'foni, ndipo ndi aulere. Mafoni ambiri a Android ali ndi Digital Wellbeing, momwe munthu angaimitse mapulogalamu ena pa nthawi imene wasankha. WhatsApp imalola kufufuta uthenga kwa onse mkati mwa masiku pafupifupi awiri, ndiponso kuyambira 2023 imalola kukonza zolembedwa mkati mwa mphindi 15. N'zoona kuti madzi akatayika saoleka, abwana akamva amva, ndipo chizindikiro choti uthenga wafufutidwa chimadzutsa mafunso ake. Komabe kwa anthu ambiri njira zimenezi ndi zokwanira kuti asaone chifukwa chotulutsira ndalama.

Apa ndiye pagona nkhani, pa ndalama. Tiyerekeze chabe, kuti muone kukula kwa phiri. Mutati muzilipiritsa mametikali 50 pamwezi, ndipo anthu 2,000 aika pulogalamu yanu, mwa iwo atatu pa 100 alionse n'kumalipira, ndiye kuti muli ndi olipira 60 ndi mametikali 3,000 pamwezi, ndalama imene singakulipirireni ngakhale nyumba ku Matundo. Ndipo kupeza anthu 2,000 si masewera m'dziko limene pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa asanu ndiye amagwiritsa ntchito intaneti. Palinso chopinga cha manyazi. Bizinesi ya mapulogalamu imakula anthu akamauzana, koma ndi bambo angati amene angaime pa tchalitchi kapena pa ntchito n'kunena kuti, "Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya oledzera"? Ngakhale chithunzi chake pafoni chikhoza kuyambitsa mafunso kunyumba. Ngati mupitiriza, dzina ndi chizindikiro chake zisatchule mowa. Zikhale za kupumitsa foni usiku, m'Chipwitikizi, m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe.

Ndidati ndibwerera ku Drunk Mode. Pulogalamu imeneyi idatchuka pakati pa ophunzira a ku America, ndipo kuwonjezera pa kubisa manambala inkasonyezanso anzako pamene uli ndi kumene udayenda usiku. Kampani yake pambuyo pake idasanduka X-Mode Social, imene bizinesi yake idakhala yosonkhanitsa ndi kugulitsa mbiri ya malo amene mafoni a anthu akupezeka. Mu December 2020 a Apple ndi a Google adalamula opanga mapulogalamu kuti achotse zida za X-Mode m'mapulogalamu awo, ndipo mu January 2024 bungwe la boma la America la Federal Trade Commission lidailetsa kugulitsa mbiri ya malo okhudza zinsinsi za anthu. Ndakuuzani nkhaniyi chifukwa yesero lomweli lidzakupezani. Anthu akakana kulipira, chinthu chamtengo chimene chimatsala m'manja mwanu ndi zinsinsi zawo: amamwa liti, kuti, ndipo amaopa kulembera yani. M'tauni ngati Ulongwe kapena Furancungo, kumene aliyense amadziwana, mndandanda wotere utatuluka ukhoza kupasula mabanja. Pangani pulogalamu yoti zonse zizikhala m'foni ya mwini wake, osatumiza kalikonse kwa inu. Ndi yotsika mtengo kuiyendetsa, imagwira ntchito ngakhale netiweki palibe, ndipo chimene mulibe palibe angakubereni. Pa chifukwa chomwechi sindikonda njira yopanga kiyibodi yanuyanu, ngakhale ena amaiyamikira, popeza kiyibodi imaona chilichonse chimene munthu akulemba, kuphatikizapo manambala achinsinsi.

Ena adzakuuzani kuti muike njira yoti mnzake kapena mkazi wa munthuyo ndiye azisunga kiyi. Imeneyi ndi yamphamvu, ndipo ndi imene mayi wa pa baraka uja ankachita. Koma ganizirani mwamuna wansanje amene angaike pulogalamuyi m'foni ya mkazi wake kuti asamayankhule ndi abale ake usiku. Chida chodzitetezera chikhoza kusanduka chingwe chomangira wina. Ngati muikamo njira imeneyi, loko aliyense azitha yekha kukacha, asapitirire maola 12, ndipo wosunga kiyi asathe kuona mauthenga kapena malo amene mnzakeyo ali.

Tsopano ndikuuzeni kumene ine ndikuona kuti ganizo lanu likhoza kubala zipatso. Mukacheza ndi anthu amene amamwa, muwafunse chimene chimawapweteka kwambiri Lamlungu m'mawa. Ndikukhulupirira kuti ambiri sadzayamba ndi mauthenga, adzayamba ndi ndalama. Foni yomwe ija ndiyo chikwama. Wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize akalandira kumapeto kwa mwezi, kapena mlimi wa ku Macanga ndi Chifunde akagulitsa fodya, kapena wa ku Tsangano akakweza matumba a kachewere pa lole, ndalama zambiri zimadutsa pa M-Pesa ndi e-Mola. Usiku umodzi munthu amagulira mowa tebulo lonse, kutumizira wina amene wamudziwa tsiku lomwelo, n'kumaliza zotsala pa kubetcha mpira pafoni. Manyazi alibe mtengo wodziwika, koma amene wataya mametikali 5,000 a feteleza amadziwa bwino chimene wataya, ndipo kulipira 50 kuti zisachitikenso ndi masamu amene amawamva. Ubwino wake ndi wakuti chitseko chimene chimatseka WhatsApp ndi chomwecho chimene chingatseke mapulogalamu a kubetcha ndi a ndalama, choncho simukuyambanso pachiyambi.

Koma pano palinso malire amene muyenera kuwadziwa. Anthu ambiri amatumiza ndalama poimba *150# pa Vodacom kapena *898# pa Movitel, ndipo njira imeneyi imadutsa pa malo oimbira foni omwe ndanena kuti musawatseke. Loko weniweni wa ndalama, woti munthu anene madzulo kuti usiku uno zisatuluke zoposa mametikali 500, angaikidwe ndi kampani yosunga ndalamayo yokha. Kuti mufike pamenepo pafunika mgwirizano ndi makampaniwo, ndipo nkhani za ndalama za anthu zimayang'aniridwa ndi Banco de Moçambique, imene kuyambira 2018 ili ndi ndondomeko yoyeserera nzeru zatsopano za makampani ang'onoang'ono a zachuma pansi pa uyang'aniro wake. Umenewo ndi ulendo wautali, wosayenda munthu mmodzi, koma wopita kumeneko atanyamula umboni wa anthu enieni amamvedwa mosiyana ndi wongonyamula maloto. Musayerekeze n'komwe kusunga ndalama za anthu pa nambala yanu kuti muziwabwezera m'mawa. Kumeneko ndi kugwira ntchito ya banki popanda chilolezo, ndiponso ndi njira yachidule yodanirana ndi anzanu.

Nanga mametikali 40,000 aja? Asungeni kaye. Mwezi woyamba musalembe ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu. Pezani anthu 15 kapena 20 amene amamwa kumapeto kwa sabata, osati anzanu a m'kalasi okha, koma wa kabaza, mphunzitsi, wogulitsa pa msika, ndi amayi omwe, chifukwa vutoli si la amuna okha. Lachisanu masana muwathandize kutseka mapulogalamu amene asankha pogwiritsa ntchito zida zaulere zimene zili kale m'foni, ndipo Lamlungu muwaimbire mmodzimmodzi. Funsani ngati adayesa kutsegula, nthawi yanji, adadutsa bwanji, ndipo ankafuna kuchita chiyani. Lembani mayankho m'kope. Sabata yachitatu musawakumbutse, muone amene abwere okha kudzapempha. Sabata yachinayi muwauze kuti kupitiriza ndi mametikali 20 pa M-Pesa, olipiriratu. Mawu akuti "nzeru yabwino kwambiri imeneyi" musawawerengere, chifukwa anthu athu ndi aulemu ndipo safuna kukhumudwitsa mnyamata wakhama. Muwerenge amene atumiza ndalama. Akapezeka asanu mwa makumi awiri, pangani pulogalamu yaing'ono ya zinthu zitatu zokha, loko wa nthawi, posungira mauthenga ndi mabatani a thandizo, ndipo ndalama zanu zipite ku foni yoyesera, kulembetsa pa Google Play ndi mamega. Akapanda kupezeka, mwataya mwezi umodzi ndi ndalama ya kredito basi, ndipo m'kope lanu mudzakhala muli mavuto ena a anthu amene simunkawadziwa.

Za mapepala musathamangire, koma musazinyalanyaze. Ndalama zikayamba kulowa mufunika NUIT, nambala ya wokhoma msonkho, ndipo ku Balcão de Atendimento Único mumzinda wa Tete adzakulongosolerani za chilolezo choyenera bizinesi yaing'ono, pamene a Autoridade Tributária adzakuuzani za msonkho wa amalonda ang'onoang'ono. Bungwe la IPEME limalangiza mabizinesi oyamba kumene. Lamulo la zochitika pa intaneti, Lei 3/2017, lili ndi ndime zoteteza mbiri ya anthu, ndipo ndi bwino kuliwerenga musanasonkhanitse ngakhale manambala a foni a makasitomala. Loya mudzamufune pa nthawi ziwiri: wina akafuna kuikamo ndalama kuti mugawane umwini, ndiponso mukamalowa mgwirizano ndi kampani yaikulu. Ngakhale mnzanu wa pamtima amene mukulemba naye pulogalamu, gwirizanani papepala za gawo la aliyense zinthu zisanayambe kukoma. Makampani a mowa nthawi zina amathandiza ntchito zolimbikitsa kumwa mosamala, ndipo mwina adzakuyandikirani. Ine ndingakhale wochenjera nawo, chifukwa pulogalamu yanu ikhoza kusanduka uthenga woti imwani mmene mungathere, foni tikusungirani.

Ndatsala ndi mbali imodzi ya kalata yanu, ndipo ndikupempha kuti muilandire monga mawu a mkulu wanu. Mwanena kuti inunso zakuchitikirani kangapo, ndipo mnzanu ntchito yamuthera. Uthenga wa usiku nthawi zambiri ndi utsi chabe, moto uli pansi. Munthu akamadzuka osakumbukira zimene adalemba, akamalephera kuima pa botolo lachiwiri ngakhale adatsimikiza mtima, akamafuna kumwa m'mawa kuti thupi likhazikike, kapena abale akayamba kudandaula, pamenepo pafunika chipatala osati loko wa pafoni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi mafunso khumi otchedwa AUDIT oyezera kamwedwe, ndipo wopeza mapointi 8 kapena kuposa amalangizidwa kuonana ndi a zaumoyo. Mukhoza kuwaika m'pulogalamu yanu, koma muyambe mwawayankha nokha moona mtima, ndipo mumuthandize mnzanuyo kuwayankhanso. Ku Hospital Provincial de Tete ndi ku chipatala cha ku Ulongwe mukafunse a gawo loona za matenda a maganizo, amene amathandizanso za mowa. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe ndi kukomoka kumene kumatsatira kukhoza kupha, choncho asiye mothandizidwa ndi achipatala. Ndipo ngati mauthenga a usikuwo ali oopseza mkazi kapena chibwenzi chakale, imeneyo ndi nkhanza imene lamulo la 29/2009 limaletsa, ndipo wolandira mauthengawo ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya apolisi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Zimenezi muzilembe poyera m'pulogalamu yanu, pa tsamba limene munthu amaona m'mawa akamamvetsera mawu ake a usiku.

Mukamaliza masabata anayi aja mundilemberenso, mundiuze kuti ndi angati adabwera okha sabata yachitatu, ndi angati adatumiza mametikali 20, ndiponso chimene ankafuna kutsegula usiku, WhatsApp kapena kubetcha. Tikaona manambala amenewo tidzakambirana za kapangidwe ka pulogalamuyo mwatsatanetsatane.